Mizere Iwiri ya a Duu

Anthu ambiri amayesa kuti ntchito ya ku Nyumba ya Malamulo ndi kukuwa ndi kumenya matebulo basi. Iyayi. Kunsi kwa chipinda chachikulu chomwe aphungu amakanganiramo kuli kachipinda kopanda zenera, ka matebulo asanu ndi atatu, komwe kumakhala anthu otola mawu onse aja n'kuwaika m'buku. Bukulo amalitcha Hansadi, ndipo limatuluka m'mawa uliwonse. Chimene chalowa m'menemo ndiye kuti chinanenedwa, ngakhale mwini wake akane mpaka kulumbira. Chimene sichinalowe, pepani bambo, munangotaya malovu.

Changu anali atagwira ntchito m'kachipindako miyezi itatu kupatula masiku awiri. Dzinalo anamupatsa anzake sabata yoyamba, chifukwa masitepe ankawakwera awiriawiri ngakhale palibe womuthamangitsa. Miyezi itatuyo inali yoyesedwa. Lachisanu, akapanda kupalamula, ankayenera kulandira kalata yoti ntchito ndi yake, ndipo achemwali ake, omwe ankakhala nawo, anali atauza kale mzere wonse wa nyumba kuti mng'ono wawo ndi amene amalemba malamulo a dziko. Changu anatopa n'kuwawongolera. Alamu ake nawo akapempha madzi akumwa ankawonjezera kuti, "Zimenezo ulembe."

Ntchito yake inkayenda chonchi. Olemba analipo asanu ndi atatu, ndipo aliyense ankakwera kukakhala m'kabokosi ka pamwamba pa mpando wa Sipikala kwa mphindi khumi, ali ndi kope ndi pensulo. Mphindizo zikakwana ankatsika, n'kuvala mahedifoni, n'kumamvetsera zomwe makina ajambula uku akutayipa. Mufunsa kuti nanga kukwerako n'kwachiyani makina alipo. Makina ndi opusa, abale. Amamva yekhayo amene maiki yake yayaka, ndipo phungu wokuwa ali chikhalire maiki yake siyaka. Choncho wolemba amakwera kukakhala makutu a buku. Posinthana, wobwerayo amakhudza chigongono cha mnzake, onse awiri n'kumvetsera limodzi mpaka wolankhula atamaliza chiganizo, kuti zigawo zawo zikalumikizane bwino. Malo olumikizana amenewo amawatcha msoko.

Potayipa samangokhuthula zonse ayi. Amachotsa "eee" ndi "ujeni", amachotsa kutsokomola, ndipo chiganizo chimene phungu anachiyamba katatu osachimaliza amachiimika pa miyendo yake, koma osawonjezera ganizo limene mwini wake analibe. N'chifukwa chake aphungu ena akawerenga buku m'mawa amadabwa okha kuti kodi dzulo anali ndi nzeru chonchi. Changu ankaikonda ntchitoyi mochititsa manyazi. Tsiku loyamba kuona chigawo chake chitasindikizidwa ananunkhiza tsambalo, ndipo anachita mwayi kuti amene anamuona ndi wosesa yekha.

Mkulu wawo anali mayi wina wamng'ono thupi, wa magalasi opachika pa kachingwe, yemwe aliyense ankamutchula kuti a Peni Yofiira, koma chakumbali. Mayiyu anali ndi malamulo awiri omwe ankawabwereza m'mawa ndi masana. Loyamba linali loti pa msoko makutu ndi anayi. Lachiwiri, usalembe chimene sunamve.

Panalinso lamulo lina, la Nyumba yeniyeniyo, ndipo ndi limene linkawadwalitsa mutu a Duu. Mawu a phungu wokuwa ali pampando salowa m'buku pokhapokha amene waimirira akawayankha. Akapanda kuyankhidwa, limenelo ndi phokoso chabe.

A Duu anali phungu wa dera la Kutsidya, bambo wachikulire wa jekete lotambalala mapewa, yemwe kale ankagwira ntchito yobaya ng'ombe jakisoni. Atakhala pansi ankacheza bwino kwambiri, mpaka kukuseketsa misozi. Koma angoimirira m'chipinda chachikulu chija, maiki n'kuyaka, lilime linkauma gwa. Anayesa kawiri chaka choyamba, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka, mpaka Sipikala anawamvera chisoni n'kuitana wina. Kuyambira pamenepo ankangoponya mawu ali chikhalire kumipando yakumbuyo, ndipo nduna zinkangopitirira ngati sizikumva. Zaka zinayi, m'buku munalibe mzere wawo ngakhale umodzi. Komabe m'mawa uliwonse ankatsikira kukachipinda kaja, n'kutenga buku, n'kunyowetsa chala, n'kuyamba kufufuza.

"Lero mulibemo, olemekezeka," Changu ankawauza.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndikungoona ngati anzanga analankhulako zanzeru."

Nkhani yawo inali imodzi yokha, ya mlatho. Unakokoloka zaka zitatu zapitazo, ndipo nthawi ya mvula ana a sukulu ndi amayi opita kuchipatala ankawoloka mtsinje ataberekedwa kumsana. Akazi awo, malinga n'kunena kwa a Duu eni ake, anali atasiya kuwafunsa za kuntchito. Akafika pakhomo ankangoti, "Mwagona bwanji ku Nyumbako?"

Tsono panali Mtali. Mtali ndiye ankalandira chigawo kwa Changu, ndipo kwa miyezi itatu anakhala akumukhudza chigongono kanayi pa tsiku. Inu mukudziwa mmene zimakhalira. Chigongono ndi fupa chabe, koma chikamakhudzidwa kanayi pa tsiku ndi munthu wonunkhira sopo, chimayamba kumva zina. Anali atayendapo limodzi kangapo kupita kokwerera basi, n'kumalola mabasi atatu kudutsa ati ndi odzaza. Kuofesi ankatchulana "inu", nkhope zili ndwii, ndipo ankakhulupirira kuti palibe akudziwa. Ngakhale mlonda wa pageti ankadziwa.

Lachitatu limenelo, belu la masana litalira ndipo ndodo yaulemu itagonekedwa patebulo, inafika nthawi ya nduna ya misewu. Ndunayo inaimirira n'kuyamba kuwerenga mndandanda wa ntchito zomwe unduna wake udzagwire, ndi mawu oti ukhoza kugonetsa nawo mwana wolira. Theka la Nyumba linali likusinza. Changu anali m'kabokosi, pensulo ikuthamanga, diso limodzi pa wotchi. Mphindi zake zitatsala pang'ono kutha anamva chitseko chakumbuyo chikutseguka pang'onopang'ono, kenako fungo la sopo. Mtali anakhala pansi n'kukhudza chigongono. Koma ulendo uno dzanjalo linasiya kapepala kopinda kanayi pamwamba pa kope.

Munthu wanzeru akanakaika m'thumba. Changu anakatsegula pomwepo.

"Ndawauza amayi za iwe. Akuti ubwere Loweruka adzakuone."

Anawerenga kamodzi, mtima n'kudumpha. Anawerenga kachiwiri kuti aone ngati palembedwadi kuti amayi. Kachitatu anawerenga chifukwa chokoma basi. Makutu anamutentha, ndipo anaphimba pakamwa ndi kope kuti Sipikala asaone mano. Mtali naye, m'malo moyang'ana pansi pomwe panali ntchito, maso ake anali pa nkhope ya Changu kudikira chigamulo. Makutu anayi aja onse anali pa tchuthi.

Chimene chinawadzutsa ndi phokoso. Nyumba yonse inali ikuseka, ena akumenya matebulo, ndipo nduna inali itakweza mutu, ikumwetulira.

"Zimenezonso, olemekezeka, tichita chaka chino chisanathe. Ndalonjeza," inatero nduna, n'kubwerera ku mndandanda wake.

Changu anayang'ana Mtali. Mtali anayang'ana Changu.

"Mwamva funso?" ananong'ona Changu.

"Ndimayesa mwamva ndinu."

Musaganize kuti Changu anada nkhawa pomwepo. Anatsika masitepe ngati akuuluka, kapepala kali m'manja, akudziuza kuti makina ajambula, nanga ntchito yawo n'chiyani. Anapatukira kuchimbudzi kaye n'kuimbira achemwali ake. Achemwali anakuwa mpaka iye anachita kuchotsa foni kukhutu, kenako anafunsa za nsapato, kenako analira pang'ono, kenako anati amayi a mwamuna amayamba kuyang'ana zikhadabo, ndiye awenge lero lomwe. Changu anadziyang'ana pagalasi n'kuyeserera kupereka moni kwa apongozi, kawiri, ulendo wachiwiri mawu atawatsitsa pang'ono.

Patebulo pake anavala mahedifoni n'kuponda chopondera choyendetsera mawu. Mawu a nduna anabwera bwinobwino, msewu wakuti, ngalande yakuti. Kenako panamveka kaphokoso kakutali, ngati munthu akulankhulira m'chidebe, kenako kuseka, kenako lonjezo lija. Anabweza. Chidebe, kuseka, lonjezo. Anakweza mawu mpaka makutu kuwawa, anabweza kasanu ndi kawiri, ndipo chidebecho sichinasinthe maganizo. Anatsegula kope lake poganiza kuti mwina dzanja linalemba lokha mutu uli kwina. Linalembadi. Pamalo pamenepo panali mawu oti Loweruka, katatu, kachitatuko kali ndi maluwa m'mbali.

Ali mkati moyang'ana maluwawo, a Duu analowa. Kunena kuti analowa n'kuwachepetsa. Anabwera akuvina, munthu wamkulu, jekete lili m'manja, tayi itakwera paphewa, ndipo anagwira chanza wolemba aliyense, tebulo ndi tebulo, mpaka anafika pa Changu.

"Mwana wanga, andiyankha. Unali pamwamba paja, ndinakuona. Wamva mmene andiyankhira?"

"Yankho ndalimva, olemekezeka."

"Ndinangoti, nanga mlatho wa Kutsidya? Sindinakonzekere n'komwe, zangotuluka zokha. Munthu uja n'kukweza mutu. Kukwezera ine." Anakhala pa mpando wa Mtali osaupempha, n'kumadzikupiza ndi pepala la ndondomeko ya tsikulo. "Mayi akunyumba sindiwaimbira lero. Amene aja za pakamwa sakhulupirira. Mawa ndidzawawerengera za m'buku, tsamba ndi nambala yake."

Changu anamwetulira mokakamiza. Ankadziwa chimene a Duu nawonso ankadziwa, kuti pali komiti yomwe ntchito yake ndi kutola malonjezo a nduna m'bukumo n'kumazilondalonda ndunazo mpaka zitachita. Koma komitiyo imatola lonjezo lodziwika mutu wake. Mawu oti "zimenezonso tichita" opanda funso pamwamba pake si lonjezo la mlatho, ndipo palibe angawatsatire.

A Duu atatuluka, Mtali anatsika mphindi zake zitatha, nkhope ili ngati wamwa mankhwala owawa. Anawerama pafupi ngati akufunsa za ntchito.

"Ingolemba zimene anenazo. Munthu wamkulu uja anganame?"

"Koma sindinamve."

"Adziwa ndani?"

Changu anatenga pensulo. Kunena zoona, akanalemba. Chofufutira chinali chitayamba kale kudya maluwa aja pamene chitseko chinatsegukanso n'kulowa a Wailesi. Awa anali phungu wa m'tauni, wa mipando yakutsogolo, yemwe ankapezeka m'buku pafupifupi tsamba lililonse, ndipo olemba akawaona akuimirira ankayamba kuwongola zala.

"Anali pamwamba ndani nthawi ya nduna ya misewu? Ndiwe? Chabwino. Lonjezo lija ndi langa. Ndinafunsa za msewu wa kumsika, aliyense wamva. Ulembe bwino, mawa ndidzaona." Anatuluka osadikira yankho, akulankhula kale ndi munthu wina pakhonde.

Changu anaika pensulo pansi. Lonjezo limodzi linali ndi eni ake awiri, ndipo iye amene anakwezedwa m'kabokosi kuti amve sakanatha kuchitira umboni aliyense. Akalemba a Duu, a Wailesi adzaimirira mawa m'Nyumba kudandaula, ndipo a Peni Yofiira adzamufunsa maso ndi maso ngati anamvadi. Akalemba a Wailesi, mlatho wapita ndi madzi kachiwiri.

Njira yachitatu inalipo, yosalala bwino. Olemba ali ndi kachiganizo kosungira tsiku la tsoka, koti, "Phungu wina analankhula, mawu sanamveke." Aliyense amakagwiritsa ntchito ndipo palibe amafunsidwa. Akanangokalemba, chigawo chikanapita kosindikiza 5 koloko, Lachisanu kalata, Loweruka apongozi. Anakatayipa n'kukhala akukayang'ana. Kanali kaukhondo, koma kanali bodza, chifukwa mawuwo anamveka, Nyumba yonse inaseka nawo. Amene sanamve ndi iye. Anaganiza za a Duu mawa m'mawa, chala chonyowa chikutsika tsamba mpaka pansi. Anachita manyazi, anachitanso mantha, ndipo manyaziwo anapambana pang'ono chabe.

Anafufuta kachiganizo kaja n'kuimirira.

"Ukupita kuti?" anafunsa Mtali.

"Kukadziulula."

Ofesi ya a Peni Yofiira inali kumapeto kwa kachipindako, yotchinga ndi galasi, kotero aliyense ankaona koma osamva. Changu anafotokoza zonse ali chiimire, manja kumbuyo. Mayiwo sanakweze mutu mpaka atamaliza tsamba lomwe ankakonza.

"Unali kuti pa msoko?"

"Ndinali pomwepo, mayi."

"Thupi linali pomwepo. Ndikufunsa iweyo."

Changu anapereka kapepala kaja. A Peni Yofiira anavala magalasi, anawerenga, anakatembenuza kuona ngati kuseri kuli zina. Mlomo wawo unagwedera pang'ono pakona, koma analimba mtima.

"Zolemba za Mtali izi. Loweruka si tsiku la ntchito, mwana iwe. La ntchito ndi Lachitatu." Anagogoda galasi ndi peni n'kukodola Mtali, yemwe anabwera akupunthwa pa mawaya.

"Mayi, wolakwa ndine," anayamba Mtali asanalowe n'komwe. "Iyeyu sanapemphe kalata."

"Mlandu ndi waukulu, ukukwanani nonse, musalimbirane. Nditsateni. Tili ndi mphindi makumi anayi."

Ulendo umenewo olemba anzawo amaukambabe mpaka pano. Kamayi kakafupi patsogolo, nsapato zili kho kho kho, awiri aja pambuyo ngati mbuzi zogwidwa m'munda wa eni. Anayamba ndi kalaliki wa patebulo la Sipikala, yemwe anati nthawi imeneyo anali atawerama kutola pepala lomwe linagwa. Anapita kwa wa makina a mawu, yemwe anapotokola timabatani tonse n'kutulutsa chidebe chomwe chija, chokulirapo. Pakhonde anaimitsa phungu wina, amene anavomera kuti iye anaseka chifukwa anzake ankaseka. Changu anali atayamba kuona Lachisanu likumuthawa, koma Mtali akamugunda mwangozi pokhota, chimwemwe chija chinkabweranso chopanda manyazi, mpaka ankaluma mlomo kuti asaseke. Munthu ndi wovuta.

Pomaliza a Peni Yofiira anaima pakati pa khonde n'kudzigogoda pachipumi ndi peni.

"Manja," anatero.

Zokambirana za m'Nyumba zimaonetsedwa pa kanema, ndipo pakona pa chithunzi pamakhala mayi womasulira m'chinenero chamanja kuti anthu osamva azitsatira. Mayiyo amaima m'chipinda momwemo, chakumbuyo, ndipo za oimirira ndi okhala sizimukhudza. Chimene chafika m'khutu mwake, manja amanena. Anamupeza akumwa tiyi atavula nsapato, ndipo anamutengera ku chipinda cha makanema kapu ili m'manja. A Peni Yofiira sanamuuze chimene ankafuna. Anangouza wa makanema kuti abweze pa nthawi ija ndipo azimitse mawu.

"Tiuzeni zimene manja anu akunena apa."

Mayiyo anadziyang'ana pa kanema n'kudandaula kaye kuti bulauzi imeneyo imamunenepetsa. Kenako anayamba kuwerenga. "Apa ndikuti ngalande. Apa ndikuti makilomita asanu. Apa ndaloza kumbuyo, kumanzere, ndiye kuti wina wakuwa kumeneko. Funso. Mlatho." Anaika kapu pansi n'kubwereza chizindikirocho ndi manja ake. "Mlatho wa Kutsidya. Eya, ndakumbukira, ndi bambo osalankhula aja. Ndinadabwa mpaka ndinatsala pang'ono kuwawombera m'manja, kuiwala kuti manjawo ali pa ntchito."

"Za msewu wa kumsika palibe?"

"A Wailesi? Iwo anakuwa nduna itayankha kale. Onani, ndi izi apa, pambuyo pake."

Changu anangopezeka atamukumbatira mayiyo, kapu ija n'kugubuduzika, tiyi n'kutayikira pansi, wa makanema n'kuyamba kudandaula za mawaya ake. Mtali anagwira chanza wa makanema yemweyo, kawiri. A Peni Yofiira anayang'ana wotchi.

"Izi zinajambulidwa nthawi yomweyo, ndipo zachokera kwa munthu amene anamva ndi makutu ake. Zikulowa. Thamanga ukatayipe, ubwere nazo ndisaine ndekha."

Anathamangadi, ndipo chigawo chinapita kosindikiza kutatsala mphindi zinayi. Kenako anaitanidwanso kuseri kwa galasi. Mayiwo sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Ananena mofatsa kuti kalata ya Lachisanu sibwera, kuti Changu ayesedwanso miyezi ina itatu, ndiponso kuti akadzagonanso pa msoko adzanyamule chikwama osadikira kuuzidwa. Mtali naye mayiwo anamusamutsira kukalemba za makomiti, ku nyumba ina kuseri kwa malo oimika magalimoto, kuyambira mawa lake.

"Ukanalemba kuti mawu sanamveke, sindikanadziwa," anatero mayiwo akumubwezera Changu kapepala kaja. "Usayese kuti ndikukuyamikira. Ndikungokuuza. Loweruka usakachedwe."

Popita kokwerera basi Mtali anapepesa njira yonse. Anapepesa pa geti, anapepesa powoloka msewu, anapepesanso atamuponda chidendene popepesa pomwepo. Changu anamusiya avutike mpaka anafika.

"Ndiye Loweruka?" anafunsa Mtali chapansipansi.

"Ndibwera. Koma ukadzandipatsanso kalata ndili pa ntchito, ndidzakudyetsa kalatayo."

Basi yoyamba inabwera yopanda anthu, ndipo onse awiri anagwirizana kuti ndi yodzaza.

Kunyumba nkhani ziwirizo zinafika limodzi, achemwali n'kusowa kuti ayambe iti. Analira za kalata ya ntchito, anaseka za apongozi, anafunsa kuti nanga anthu a mumzere awauza chiyani Lachisanu. Alamu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, achemwali n'kuwagenda ndi chopukutira mbale. Changu anaseka nawo, koma zinamuwawa ndithu. Miyezi itatu si masewera kwa munthu amene wakhala akuwerenga masiku pa zala, ndipo kuyambira mawa lake womulandira chigawo anali bambo wina wa chifuwa chosatha.

M'mawa anapeza a Duu ataima kale pakhomo la kachipinda, chitseko chisanatsegulidwe, atavala tayi yatsopano ya mizeremizere. Mabuku atafika, akadali ofunda, anatenga limodzi, koma masamba ankamatirana. Changu anawathandiza.

"Tsamba 42, olemekezeka, chapansi."

Inalipo, mizere iwiri yokha. Phungu wa dera la Kutsidya: Nanga mlatho wa Kutsidya? Nduna ya Misewu: Zimenezonso, olemekezeka, tichita chaka chino chisanathe. Ndalonjeza.

A Duu anawerenga chamumtima, chala chikuyenda pansi pa mawu. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi yatsopano ija, anawerenganso. Kenako anatulutsa foni, n'kuimbira akazi awo, n'kuwawerengera mokweza, tsamba ndi nambala yake, olemba onse atasiya kutayipa. Kumbali inayo kunamveka mawu a mayi wachikulire akuti, "Bambo ake, dikirani ndiitane aneba, muwerengenso pang'onopang'ono." Anawerenga katatu. Anapempha mabuku khumi ndi awiri, anapatsidwa atatu, lachinayi analowetsa m'jekete aliyense akuona.

Atafika pakhomo anabwerera kwa Changu n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Makutu ako ndi akuthwa, mwana wanga. Phokoso lonse lija, iwe n'kundimva."

Changu akanangomwetulira nkhani n'kuthera pomwepo. Zinamukanika.

"Sindinakumveni, olemekezeka. Mutu unali kwina. Ndinachita kukufunafunani khomo ndi khomo, mpaka ndinakupezani m'manja mwa mayi womasulira uja."

A Duu anamuyang'ana, dzanja osalisiya.

"Unandifunafuna," anatero. "Zaka zinayi ndili m'Nyumba muno, palibe amene anandifunafunapo."

Anakhala pa mpando umene unali pafupi, mabuku ali pamiyendo, n'kuyamba kulira uku akuseka. Belu loitana aphungu linalira kumwamba. Changu anawapatsa mpango wake, n'kutenga kope ndi pensulo, chifukwa chigawo choyamba cha tsikulo chinali chake.